Ndani ali ndi mphamvu yotsekera buku m'kabati?

Lachiwiri madzulo

Nambewe: Mwaswera bwanji nonse. Ndikufuna mumve kwa ine zomwe zachitika ku laibulale yathu ya m'mudzi muno, musadzazimve kumsika zitathiridwa kale mchere. Loweruka kunabwera bambo wina, kholo la mtsikana amene amabwereka mabuku pano. Anapeza m'chikwama cha mwanayo buku la za kutha msinkhu ndi uchembere, lili ndi chidindo chathu. Anafika atalusa, akuti ndimutsegulire kaundula aone mabuku onse amene mwana wake wakhala akubwereka chiyambire chaka. Ine ndinakana, ndinati akaonane ndi akomiti. Dzulo a wapampando abwera, achotsa pa shelefu bukulo pamodzi ndi ena 6, onse atsekeredwa m'kabati, kiyi ali nayo iwowo. Sikuti ndikuwaneneza ayi. Ndikungofunsa kuti wina akabwera mawa kudzafuna mabuku amenewa ndizimuyankha chiyani.

A Chisale: Zikomo mayi Nambewe, ngakhale ndikanakonda tikanayamba takhala pansi kukomiti tisanabwere pagulu. Inde, ndachotsa ndine. Bamboyo anafika mpaka kwa amfumu, ndipo nonse mukudziwa kuti malo amene pali nyumba ya mabukuyi anatipatsa ndi amfumu omwewo. Ndinaona kuti bola tibise mabuku 7 kusiyana n'kuti atitsekere nyumba yonse. Sindinawotche kanthu, ali bwinobwino.

Madamu Nkhoma: 7? Wodandaulayo anapeza limodzi. Enawo alakwanji?

A Chisale: Ndinayang'ana zithunzi zam'kati. Onse amene ali ndi zojambula za ziwalo zobisika ndinawachotsa, kuti mawa pasadzabwerenso wina ndi mkwiyo womwewo.

Madamu Nkhoma: A wapampando, ndi ulemu wonse, limodzi mwa amenewo ndi buku la Biology lomwe ndimatumiza ana anga a Fomu 4 kuti akawerenge. Kusukulu kwathu mabuku amenewa ndi ochepa, ana amachita kuunjikana pa buku limodzi. Za kubereka zili m'silabasi, a MANEB amafunsa pa mayeso a MSCE, ndipo nthawi zina amati jambula n'kulemba mayina a ziwalo. Mwana akakalephera funso limenelo tidzati ndi waulesi?

Yohane wa kabaza: Kodi bamboyo si uja amakhala kuseri kwa

(uthenga uwu wafufutidwa ndi woyang'anira gulu)

Tiyamike: Achimwene a Yohane pepani, ndafufuta ndine. Gulu lino lili ndi anthu ambiri, ena sitidziwana n'komwe nkhope. Mukatchula bamboyo ndiye kuti mwatchula mwana, mawa pa Kamuzu Road aliyense azimuloza chala. Tikambe nkhani, mayina asiyeni.

Yohane wa kabaza: Ndamva achemwali. Pakamwa ndasoka.

Abusa a Mwale: Ine ndiyankhuleko ngati kholo, kolala ndavula. Tisamuone bamboyo ngati mbuli. Iye ndi amene amadyetsa mwanayo, amamulipirira fizi, ndipo zikavuta mimba ikabwera, si laibulale imene idzalere khandalo. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ngati ndi mwana, pali wina womuyang'anira. Tsono inu mukuti kholo lisadziwe zomwe mwana wake akuwerenga, koma munthu wa pa laibulale adziwe? Kwathu kuno zinthu zimenezi zinali ndi eni ake, anankungwi ndi azakhali, ndipo zinali ndi nthawi yake. Buku silidziwa kuti amene walitsegula ndi wa zaka 10 kapena 17.

Mayi Kamanga: Abusa, nkhani ya anankungwi ndikuimva, koma ndikuuzeni zomwe ndimaona kuntchito kwanga ngati namwino. Atsikana a m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, amafika kwa ife mochedwa, zinthu zitachitika kale. Ukamufunsa kuti unkadziwa kuti zingathe chonchi, amakuuza zomwe anamva kwa anzake: kuti tsiku loyamba munthu satenga mimba, kuti ukakasamba m'nyanja nthawi yomweyo palibe chochitika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti anawerenga buku. Amene amapita kukabwereka buku ndi uja amene ali ndi funso koma akuopa kufunsa mayi ake. Safunsa anadya phula, mwanayu wafunsa kumalo oyenera ndiye tikumulanga. Komanso dziwani kuti lamulo la za HIV la 2018 limalola mwana wa zaka 13 kukayezetsa magazi payekha, popanda chilolezo cha kholo. Boma lomwe linaona kuti pali zinthu zina mwana amafunika kuzifikira osadzera kwa bambo ake.

Abusa a Mwale: Kuchipatala kuli inu, mumamulangiza maso ndi maso. Pa shelefu palibe womulangiza.

Mayi Kamanga: Pamenepo mwanena zoona. Koma yankho lake n'kuika womulangiza, osati loko.

Lachitatu m'mawa

Gogo Phiri: Ana anga, ndawerenga zonse, usiku sindinayankhe chifukwa magetsi anathima foni ilibe moto. Ine ndinayamba uphunzitsi nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo a Censorship Board ndiwo ankanena zoti tiwerenge ndi zoti tisaone. Magazini ochokera kunja ankafika masamba ena atang'ambidwa, ena atadetsedwa ndi inki. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mnansi wathu wina ankasunga timabuku tawo mumphika umene anaukwirira pansi pa nkhokwe. Chiswe chinadya zonse, iye n'kumati bola chiswe kusiyana ndi ayufi, achinyamata a chipani aja.

Koma chimene ndikufuna achinyamata mumve ndi ichi. Mabuku ambiri amene anasowa m'masukulu sanachotsedwe ndi apolisi. Ahedi akangomva mphekesera kuti buku lakuti likununkha kwa akuluakulu, ankalichotsa okha pa shelefu, popanda kalata yochokera kulikonse. Ukafunsa ankangoti labwerekedwa. Ngakhale buku la ndakatulo la Jack Mapanje linasowa momwemo mu 1985, analichotsa m'masukulu ndi m'masitolo osalengeza kuti laletsedwa. Mwini wakeyo anamugwira mu Sepitembala 1987, anakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osaonekera kukhoti. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 ija, boma litanena kuti kupezeka nayo ndi mlandu, anthu ankaipatsirana mobisa, ndipo chaka chotsatira pa 14 Juni tinavota pa riferendamu. Ndiye ine ndikamva kuti mabuku achoka pa shelefu chifukwa munthu mmodzi wakalipa, mtima umagunda.

Abusa a Mwale: Agogo, ndimakulemekezani kwambiri, koma musayerekeze a Chisale ndi boma la nthawi ija. Kuno palibe amene wamangidwa. Kholo lodera nkhawa mwana wake si mpayoniya wa Kamuzu.

Gogo Phiri: Sindikuti a Chisale ndi mpayoniya, ndi mwana wanga, ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Ndikuti kachitidwe kake n'kamodzi. Munthu mmodzi wachita mantha, wachotsa, palibe cholembedwa, palibe kopita kukadandaula. Lero ndi a Chisale amene timawadziwa mtima wawo. Wapampando wa mawa angadzachotse nyuzipepala chifukwa yanyoza chipani chake, ndipo adzati naye akuteteza nyumba yathu.

A Chisale: Aphunzitsi, mwandilasa pamtima koma ndamva. Chokhacho kumbukirani kuti amene anaitanidwa kwa amfumu ndine, osati gulu lino.

Che Rashidi: Assalam alaikum abale. Ine ndakhala chete koma ndili ndi langa. Pa shelefu ya zachipembedzo pali buku limene linabwera m'makatoni a mphatso ochokera kunja aja. Limanena za Chisilamu mawu amene sindingawalembe pano. Mwana wanga analiona, anabwera kunyumba akulira. Sindinapite kwa amfumu, sindinakalipire mayi Nambewe. Koma ngati kabati yatsegulidwa kuti aliyense aziikamo chimene chamupweteka, ndiye nalonso lilowe. Kapena kudandaula kumamveka ukafika ukukuwa?

Nambewe: Che Rashidi, bukulo ndikulidziwa, ndipo mukunena zoona. Linabwera ndi gulu lina la mpingo, anatipatsa pamodzi ndi mashelefu awiri amene tikugwiritsa ntchitowa. Sitinasankhe, tinangolandira.

Abusa a Mwale: Limenelo ine ndikuvomereza kuti lichoke. Kunyoza chipembedzo cha mnzako si ulaliki.

Che Rashidi: Abusa, musafulumire. Ine sindikufuna kwenikweni kuti lichoke. Ndikanakonda pambali pake pakhale Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa ndi mabuku ena ofotokoza zomwe timakhulupirira, olembedwa ndi eni ake. Wowerenga aone zonse ziwiri, aweruze yekha. Ndine wokonzeka kugula awiri ndi ndalama za mugolosale mwanga. Chimene ndimafuna muone n'choti tonse pano tili ndi buku limene timadana nalo. Tikatsata njira ya a wapampando, pa shelefu padzatsala dikishonale ndi mabuku a za chipale chofewa cha ku Canada aja.

Yohane wa kabaza: Amene aja ndiye palibe angadandaule, palibenso amawatsegula kkkk

Madamu Nkhoma: Mwaseka koma imeneyonso ndi nkhani. Timakamba za mabuku amene achotsedwa, sitikamba za amene sanafikepo n'komwe. Mabuku a Chichewa ndi shelefu imodzi yosadzaza. A Chiyao palibe. Mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu akabwera kufuna za matenda a mbewu yake apeza chiyani? Wosaona ndiye alibe chifukwa chofikira pakhomo. Osankha zoti tiwerenge kwenikweni ndi uja amalongedza katoni kutsidya kwa nyanja.

Tiyamike: Ndibwerere ku kaundula, chifukwa kwa ine imeneyo ndiye nkhani yaikulu kuposa kabati. Mayi Nambewe andiuza kuti bamboyo ankati pali lamulo latsopano lolola aliyense kuona zikalata. Lamulolo lilipodi. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anasaina mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo amene amaliyang'anira ndi a Malawi Human Rights Commission. Muzu wake ndi ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko. Cholinga chake n'choti inu ndi ine tithe kupita ku khonsolo kukafunsa kuti ndalama za CDF, za chitukuko cha m'dera la phungu, zagwira ntchito yanji, kontirakiti ya mlatho anapatsidwa ndani, ndipo ofesi iyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Silinalembedwe kuti munthu azisuzumira za mnzake. Lamulo lomwelo limateteza nkhani za munthu wina payekha, ndipo ndime 21 ya malamulo aakulu aja imapatsa aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Palinso lamulo la 2024 loteteza zinthu ngati mayina ndi manambala a foni amene anthu amasiya m'maofesi, limene likuyang'aniridwa ndi a MACRA. Povuta ndi poti wofunsayo ndi kholo ndipo mwanayo sanakwane 18. Pamenepo pafunika ifeyo tigwirizane mfundo yathu n'kuilemba. Koma mayi Nambewe pokana paja anachita bwino. Tsiku limene kaundula adzatsegulidwe kwa kholo limodzi, mawa lake adzabwera mwamuna kufuna kudziwa chifukwa chake mkazi wake wabwereka buku la za malamulo a ukwati.

Abusa a Mwale: Mkazi ndi munthu wamkulu, mwana ndi mwana. Musasakanize.

Tiyamike: Pamalamulo n'zosiyana, eya. Koma pakhomo la laibulale pali mayi Nambewe okha, mwamuna wolusa ali patsogolo pawo. Akhale ndi yankho limodzi kwa aliyense, loti sititsegula, pitani kukomiti. Kholo lili ndi njira yake yodziwira, n'kufunsa mwana wake kunyumba.

Nambewe: Poti mwafika pamenepo, ndikuuzeni mmene kaundulayo alili, ena simunafikeko. Ndi buku lija lachikuto cholimba chakuda, limakhala pa tebulo la pakhomo, lotsegula, bolopeni itamangidwa ndi chingwe. Tinajambula mizere: tsiku, dzina, mudzi, nambala ya foni, mutu wa buku, saini. Aliyense wobwereka amalemba yekha. Ndiye polemba, maso amayamba akwera m'mwamba kuona amene anabwera patsogolo pake. Anyamata ena amachita kuchedwa dala pa tebulopo, akutsegula masamba a m'mbuyo, ena amakopera manambala a atsikana. Pali mayi wina wamkulu amene amawerenga za kukhala ndi kachilombo. Sabwereka konse, amakhala pakona mpaka titseke, pochoka amabisa bukulo kuseri kwa ena kuti adzalipeze mawa. Ndinamuuza kuti atha kupita nalo kunyumba, anangoloza kaundulayo ndi mlomo.

Mayi Lungu: Iii, Nambewe mwana wanga, zimenezo ndiye zofunika kukonza lero lomwe. Ine ndinagwira ntchito ya laibulale ku Lilongwe mpaka ndinapuma. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo kalekale makompyuta asanabwere, njira imene malaibulale ankagwiritsa inali yosavuta. Buku lililonse limakhala ndi kathumba kapepala komatidwa m'kati mwa chikuto, m'kathumbamo muli khadi yolembedwa mutu ndi nambala ya bukulo. Wowerenga naye ali ndi tikiti yake yopangidwa ngati kathumba, yolembedwa dzina lake. Akabwereka, mumachotsa khadi ya buku n'kuilowetsa mu tikiti yake, n'kuika mu bokosi motsata tsiku lobweza. Bokosilo limakhala kumbali yanu ya tebulo, osati ya anthu. Akabweza, khadi imabwerera m'buku, tikiti imabwerera kwa mwini wake, basi. Palibe chotsalira chosonyeza kuti wakuti anawerengapo chakuti. Bambo uja akanabwera, mukanamuuza moona mtima kuti mbiri imene akufunayo kulibe. Chimene simunasunge palibe angakukakamizeni kuti muonetse.

A Chisale: Nanga a mphatso akafuna malipoti? Amafunsa kuti anthu angati abwereka, mabuku amtundu wanji.

Mayi Lungu: Amafuna chiwerengero, safuna mayina. Madzulo muziwerenga makhadi n'kulemba kuti lero abwereka angati, a ana angati, a sukulu angati. Wamphatso amene angafune mayina a owerenga mumufunse kuti akachita nawo chiyani.

Yohane wa kabaza: Koma akuluakulu, tikuvutikira chiyani? Ana omwewa ali ndi mafoni. Bandulo ya K500 amaona zinthu zoti ine bambo wa ana atatu ndimatseka maso. Buku la zojambula ndi pensulo ndiye mukuliopa? Ine ndikuti Madamu ajambule masamba onse ndi foni atumize pa WhatsApp, nkhani yatha.

Tiyamike: Buku lathunthu ayi achimwene. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016 lilipo, a COSOMA ndi amene amalondola zimenezi, ndipo wolemba wa ku Malawi amene buku lake likuyenda pa WhatsApp sapeza ndi tambala yomwe. Ndi chifukwa china chimene mabuku a Chichewa amachepera. Komanso ana amene amadalira laibulale yathu ndi aja alibe foni.

Mayi Kamanga: Ndipo pa foni palibe amene anasankha kuti izi n'zoona. Buku lija linalembedwa ndi anthu a zaumoyo, ndinaliwerengapo. Ngati mwana ati aphunzire penapake, bola pamenepo.

Lachitatu usiku

A Banda a ku Khombedza: Ndalowa mochedwa, ndinali kumaliro. Ndaona aliyense akuti mabuku onse abwerere, aliyense awerenge chimene akufuna. Ndili ndi funso kwa achemwali a malamulo ndi agogo aphunzitsi. Pa shelefu yanu pali buku lalikulu la zithunzi limene analemba mzungu wina za Gule Wamkulu. M'menemo muli zinthu za kudambwe zimene munthu wosameta sayenera kuziona kapena kuzimva. Chaka chatha pa chiliza cha agogo athu, tiana tina tinkakuwira zilombo mawu amene ana sangawadziwe paokha. Titafufuza tinapeza kuti wina anawerengera anzake m'buku limenelo. Akuluakulu a mzinda anakwiya, ena ankafuna kubwera kudzalitenga ndi manja awo, ine ndi amene ndinawaletsa. Tsono ndiuzeni, ufulu wa wowerenga ukuposa ufulu wa eni ake a mwambo? Zimene zili m'bukumo sizinali za wolembayo. Anauzidwa ndi anthu amene mwina sankadziwa kuti zidzafika pa shelefu ya m'mudzi mwawo momwe.

Madamu Nkhoma: Apa ndiye pafika povuta.

Tiyamike: A Banda, ndikuyankheni mosabisa, funso lanu n'lolemera kuposa la bambo uja. Bamboyo akufuna kubisira mwana zinthu zokhudza thupi la mwanayo. Inu mukunena za zinthu zimene zili ndi eni ake, ndipo zinatuluka mwina popanda chilolezo chawo. Komabe taganizirani mbali iyi. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse mu 2005, ndipo ku Mua, ku Kungoni komwe anayambitsa Bambo Claude Boucher, mlendo aliyense amalowa n'kuona zambiri za gule. Bukulo lili m'malaibulale a ku London ndi ku Johannesburg. Tikalichotsa pano, amene tamumana ndi Mchewa wa ku Salima yekha, mzungu apitiriza kuwerenga za makolo athu.

A Banda a ku Khombedza: Mzungu wa ku London sabwera kudzakuwira zilombo pa bwalo lathu. Mchewa amene akufuna kudziwa, njira ilipo, akamete. Sitinamane munthu.

Mayi Kamanga: Nanga ife amayi? Nanga mwana wa abusa amene akulemba za chikhalidwe ku koleji?

A Banda a ku Khombedza: Amayi ali ndi zawo za kutsimba, ndipo ine sindinapemphepo kuti mundilembere m'buku. Bwanji wina atasindikiza zonse za chinamwali ndi zithunzi, n'kuika pa shelefu anyamata a kabaza aziwerenga? Mungati ndi ufulu?

Mayi Kamanga: Sindingakondwe. Koma pali zina za kutsimba zimene zinasiyidwa chifukwa anthu anazilemba n'kuzikamba poyera, monga za afisi zija. Chinsinsi china chimateteza mwambo, china chimateteza wolakwa.

Gogo Phiri: Ine pa bukuli sindili mbali ya Tiyamike kwathunthu, mudabwe. Boma likabisa nkhani, limabisa zathu, zimene tinalipira ndi misonkho. Mzinda ukabisa, ukubisa zake. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndingavomere kuti buku limenelo lichoke pa shelefu ya ana, likhale pamalo poti wamkulu alipemphe n'kuwerengera pomwepo. Koma dzina lake lilembedwe poonekera kuti lilipo, ndi chifukwa chake, ndi amene anagamula. Chimene ndikukana ine n'chakuti buku lizingosowa ngati mbuzi yobedwa usiku, ukafunsa aliyense akuyang'ana kumbali.

Abusa a Mwale: Ndiye agogo mwavomereza kuti pali mabuku oti asakhale pamene mwana angafike. N'zomwe ndimanena kuyambira dzulo.

Gogo Phiri: Ndavomereza shelefu ya ana ndi shelefu ya akulu, laibulale iliyonse imatero. Mtsikana wa Fomu 3 amene watha msinkhu sali pa shelefu ya ana a Sitandade 2, abusa. Pamenepo ndi pamene tikusiyana.

Lachinayi m'mawa

Mayi Lungu: Ndilembeko zimene ndingapereke kukomiti, mukazidule mmene mungafunire. Wodandaula ndi buku alembe pa pepala kuti ndi tsamba liti ndipo vuto lake n'chiyani, wosatha kulemba amulembere wina. Bukulo likhalebe pa shelefu mpaka anthu atatu a komiti aliwerenge lonse, osati kuona zithunzi zokha. Pa atatuwo pakhale mphunzitsi kapena wa zaumoyo ngati nkhani yake ndi imeneyo. Chigamulo chimatidwe pakhomo. Ndipo kholo limene silikufuna kuti mwana wake abwereke mabuku ena, likambirane ndi mwana wakeyo, koma lisagamulire ana a eni.

A Chisale: Zoti bukulo likhalebe pa shelefu pamene tikuliwerenga, amfumu sangazimve. Adzati tawanyoza.

Che Rashidi: Amfumu aitanidwe ku msonkhano, awerengeredwe masamba amene akudandaulitsawo. Mwina iwonso anangomva mbali imodzi. Ndikudziwa kuti mdzukulu wawo naye akulemba Fomu 4 chaka chino.

Madamu Nkhoma: Zonsezo n'zabwino koma ana anga ali ndi mayeso oyeserera sabata ya mawa. La Biology lokhalo silingadikire msonkhano.

A Chisale: Limenelo ndi ena awiri a sukulu ndibweza masana ano. Otsalawo adikire, makamaka limene linayambitsa nkhani. Musandikakamize, ndiyenera ndiyambe ndaonana ndi amfumu.

Mayi Kamanga: Limene latsalalo ndiye lofunika kwambiri kwa amene alibe womufunsa. Ndikhala ndikukumbutsa tsiku lililonse pagulu pano, musatope nane.

Nambewe: Kaundula ndamuchotsa pa tebulo, ali m'dirowa, ndizilemba ndekha mpaka makhadi apangidwe. Mayi Lungu, mundiphunzitse kapangidwe ka timathumbato. Pafunika mapepala olimba ndi guluu, m'thumba la laibulale mulibe kanthu.

Che Rashidi: Makatoni a sopo ndili nawo ambiri kuseri kwa golosale. A Yohane adzatenge podutsa.

Yohane wa kabaza: Ndidzatenga, koma ulendo umenewo wa ulere ndi umodzi wokha mwamva.

Tiyamike: Msonkhano tiupange liti? Komanso ndikupempha kuti pakhale achinyamata awiri amene amawerenga pamenepo, mtsikana ndi mnyamata. Takamba za iwo kuyambira Lachiwiri, palibe ndi mmodzi yemwe ali pagulu pano.

Abusa a Mwale: Ana pa msonkhano wa nkhani ngati imeneyi, amfumu ali pomwepo? Adzangokhala chete maso pansi.

Madamu Nkhoma: Ndiye alembe maganizo awo osaika mayina, ine ndidzawerenga. Lachisanu Che Rashidi ali ku mzikiti, Lamlungu abusa ali kutchalitchi. Loweruka 2 koloko?

A Chisale: Loweruka lili bwino.

A Banda a ku Khombedza: Ndidzabwera ndi mkulu mmodzi wa kumzinda. Koma ndinene pano, ikafika nkhani ya buku la gule, osameta atuluke kaye, ndipo mlembi aike bolopeni pansi.

Tiyamike: Zam'kati mwa mwambo sizilembedwa, pamenepo ndagwirizana nanu. Koma chigamulo chokha, kuti bukulo likhala pati ndipo angalione ndani, chiyenera kulembedwa, ndipo ovota ndi komiti yonse, ometa ndi osameta.

A Banda a ku Khombedza: Zoti osameta avotere za mzinda, mkuluyo sakavomera. Mukamuuze nokha Loweruka.